Woyendera nyumba musanagule: amathandiza mpaka pati ngati nyumbayo inakonzedwa popanda chilolezo?

Ntchito yoyendera nyumba munthu asanaigule ndi yoyenera kuilipira, ndipo pa nyumba yakale yofuna kukonza sitingalangize aliyense kuilumpha. Koma nyumbayo ikakhala yoti eni ake anawonjezera chipinda, anagumula khoma, anakoka mawaya atsopano kapena anasamutsa bafa popanda chilolezo cha khonsolo, ndiponso popanda woyang'anira zomangamanga kudzaona ntchitoyo isanatsekedwe ndi pulasitala, woyendera wanuyo amakusiyani pakati pa njira. Ogula ambiri akalandira lipoti lokhuthala, lodzaza ndi zithunzi, mtima umakhala pansi poganiza kuti nyumba yonse yapimidwa. Chimene chapimidwa ndi pokhapo pamene maso ndi tochi zinafika.

Amene mwamulipira amabwera ndi makwerero, tochi, levulo, kachipangizo koyezera chinyezi ndi kena kolowetsa m'masoketi, nthawi zina ndi kamera yoona kutentha. Pa nyumba yapakatikati amatha maola awiri mpaka anayi. Amaona denga, amasuzumira m'siling'i ngati pali polowera, amatsegula mipope, amayatsa magetsi, amayesa zitseko ndi mawindo. Saboola khoma, sachotsa matailosi, sasuntha kabati. Ntchitoyi inakhazikitsidwa choncho. Malamulo a American Society of Home Inspectors, bungwe limene linayamba mu 1976, amanena poyera kuti woyendera sakakamizidwa kusuntha katundu kapena kugamula ngati ntchito inatsata malamulo a zomangamanga. Ku Britain bungwe la akatswiri oyendera ndi kuyeza nyumba la RICS linagawa ntchitoyi m'magawo atatu, ndipo ngakhale Level 3, yomwe ndi yozama kuposa zonse komanso yoyenera nyumba zakale ndi zosinthidwasinthidwa, sipima magetsi kapena mapaipi ndi zida za akatswiri. Mayina amasiyana dziko ndi dziko, malire ake ndi omwewa.

Pamene ntchitoyi imabweza ndalama zanu ndi pa nkhani ya madzi ndi kutitimira kwa nyumba. Woyendera wodziwa amayambira panja, kutsata kumene madzi a mvula amapita. Chipinda chowonjezera chomangidwa mwamseri chimakonda kukhala ndi zilema ziwiri. Polumikizira denga lake ndi khoma lakale pamangomatidwa simenti kapena silicone, m'malo moika lata lopinda lolowa m'khoma, ndipo zomatazo zimang'ambika malata akamafutukuka ndi dzuwa n'kubwerera usiku. Chachiwiri, pansi pa chipindacho pamakhala pofanana ndi nthaka ya panja. Pulasitiki yoletsa chinyezi imene imayalidwa m'khoma iyenera kukhala mamilimita osachepera 150 pamwamba pa nthaka. Ikasowa, kapena ikakwiririka ndi khonde lothiridwa pambuyo pake, madzi amakwera m'njerwa, penti imatupa, ndipo mchere woyera umatuluka pakhoma mpaka pafupifupi mita imodzi kuchokera pansi. Khoma limodzi lokha likakhala lowala ndi penti yatsopano m'chipinda chimene makoma ena ndi othimbirira, woyendera wabwino amathamangira pamenepo ndi kachipangizo kake, chifukwa chikomekome cha nkuyu m'kati muli nyerere. Pa matabwa, chinyezi chopitirira 20 peresenti chimatsegula njira ya kuwola, ndipo chiswe chimakonda malo otere. Pa pulasitala kachipangizoka kamanama nthawi zina, popeza mchere umakweza manambala ngakhale khoma litauma kale. Lipoti longolemba manambala osanena kumene madziwo akuchokera silinathe ntchito.

Ming'alu nayonso amaiwerenga bwino, ndipo apa mpamene mungadziwire luso la munthu amene mwalemba. Bungwe la Building Research Establishment, mu chikalata chake cha Digest 251, linasanja ming'alu potengera kukula kwake. Wosapitirira mamilimita 5 nthawi zambiri umangoipitsa maonekedwe. Wa pakati pa 5 ndi 15 umafuna kukonza kwenikweni, ndipo zitseko zimayamba kukakamira. Wopitirira 25 ndi ngozi ku nyumba yonse. Koma kukula kokha sikunena zonse. Mng'alu woimirira pamene chipinda chatsopano chakumana ndi nyumba yakale, wotakata m'mwamba n'kumachepa potsika, umasonyeza kuti chipindacho chikupendekera kunja chifukwa maziko ake ndi osaya kapena anakhala pa dothi lothira losatsenderedwa. Wokwera ngati masitepe motsata simenti ya pakati pa njerwa, kuchokera pangodya ya windo, umasonyeza kuti mbali imodzi ya maziko yatsika. Woyendera adzauona, adzaujambula, adzalemba kuti mupeze injiniya. Kuzama kwa maziko sangakuuzeni. Pamafunika kukumba dzenje pambali pa khoma mpaka kufika pansi pa konkire, ndipo kukumba kumafuna chilolezo cha mwini nyumba.

Khoma logumulidwa ndilo liyenera kukudetsani nkhawa kuposa zonse. Anthu amakonda kuphatikiza khitchini ndi pabalaza, ndipo mmisiri wosasamala amagwetsa khoma osafunsa chimene linanyamula. Zizindikiro zake woyendera amazipeza: mzere pa siling'i pamene panadutsa khoma, matailosi osiyana mtundu pansi, siling'i yogwera pakati, chitseko cha chipinda cha pamwamba chimene chasiya kutsekeka. Chimene sangaone ndi chitsulo kapena lintala imene inaikidwa m'malo mwa khomalo, ngati inaikidwa n'komwe. Lintala iyenera kukhala pakhoma mamilimita osachepera 150 mbali iliyonse, ndipo chitsulo chachitali chonyamula katundu wolemera chimafuna chotsamira cha konkire pansi pake kuti chisaphwanye njerwa. Zonsezi zimabisika m'pulasitala. Lipoti likangonena kuti panopa palibe chizindikiro cha kusuntha, musamve ngati lanena kuti chitsulocho n'chokwanira. Mtanda wochepa mphamvu umagwa pang'onopang'ono kwa zaka, makamaka wamatabwa.

M'siling'i, ngati woyendera walowadi osangosuzumira pakhomo, mumapezeka umboni wosabisika. Matabwa a denga olumikizidwa m'makona atatu sayenera kudulidwa paliponse, chifukwa thabwa lililonse limakoka kapena kukankha linzake. Koma oika thanki ya madzi kapena giza amadula limodzi kuti apeze malo. Pa mitanda yonyamula pansi pa chipinda cha pamwamba, malamulo a zomangamanga a ku United States otchedwa International Residential Code amalola kusema kosapitirira gawo limodzi mwa magawo 6 a kuzama kwa thabwa, ndipo amaletseratu kusema pakati penipeni pa utali wake. Bowo lisapitirire gawo limodzi mwa magawo atatu, ndipo litalikire m'mphepete ndi mamilimita 50. Pulambala wosamutsa chimbudzi amafuna njira ya paipi yaikulu ya mamilimita 110, ndiye amasema thabwa mpaka kutsala kachidutswa. Musanamulembe ntchito woyendera, mufunseni ngati amalowa m'siling'i n'kuyenda mpaka kumapeto. Yankho lake likuuzani zambiri.

Pa magetsi ntchitoyi ndi yofooka, ndipo m'nyumba zokonzedwa popanda chilolezo magetsi ndiwo amapha. Kachipangizo kolowetsa m'soketi kamayatsa timagetsi tosonyeza ngati mawaya atatu ali m'malo mwake. Kamapusitsika mosavuta. Munthu akalumikiza waya wa neutral (wobweza magetsi) ku malo a earth (waya woteteza wopita m'nthaka) kuseri kwa soketi, kachipangizoko kamaonetsa kuti zonse zili bwino pamene earth kulibe. Tsiku limene neutral idzaduke, thupi la firiji kapena la ketulo lidzakhala ndi moto, ndipo woyamba kuligwira ndiye adzakhale njira ya magetsiwo. Kachipangizoka sikaonanso kukula kwa waya. Kumene magetsi ndi a mavoti 230, waya wa mababu amakhala wa 1.5 mm², wa masoketi 2.5 mm², ndipo chitofu chimafuna 6 mm² kapena kuposa. Breaker ntchito yake ndi kuteteza waya podula magetsi akachuluka. Waya wa 2.5 mm² woyenda njira imodzi amatetezedwa ndi breaker ya 20A. Wokonza mwachisawawa akaona kuti breaker ikugwagwa, amaisintha n'kuika ya 32A kapena 40A, vuto n'kuoneka ngati latha. Chimene chatha ndi chitetezo: tsopano waya amatentha m'khoma breaker ili chiimire, chikopa chake chimauma n'kuthetheka, ndipo moto umayambira pamene palibe amene akuona. Onjezani mawaya opotedwa pamodzi n'kukulungidwa ndi tepi, okwiriridwa m'pulasitala popanda bokosi, ndi soketi za m'bafa kapena panja zopanda RCD ya 30 mA, kachipangizo kodula magetsi akayamba kuthawira m'thupi la munthu kapena pansi.

Woyendera wachangu angatsegule chitseko cha bolodi la magetsi n'kuona mabreaker osiyana mitundu, mawaya awiri olowa pa breaker imodzi, kapena zizindikiro za kupsa. Kupitirira apo ndi ntchito ya katswiri wa zamagetsi wokhala ndi chiphaso, ndipo pa nyumba yamtunduwu musamuone ngati wowonjezera. Iye amazimitsa magetsi, amapima chikopa cha mawaya ndi mavoti 500, ndipo chikatsika pansi pa megaohm imodzi ndiye kuti chalephera. Amapima ngati earth ikufika pa soketi iliyonse, amapima ngati RCD ikugwa pasanathe mamilisekondi 300, amamasula masoketi angapo kuona kuseri. Mupempheni ayambire m'zipinda zowonjezera ndi m'khitchini. Kamera yoona kutentha, imene oyendera ena amalipiritsa padera, imathandiza kupeza polumikizira potentha pa bolodi ngati zida zamagetsi zayatsidwa kwa kanthawi. Siiona kuseri kwa khoma monga ena amanenera potsatsa malonda. Imangowerenga kutentha kwa pamwamba, ndipo pofufuza makoma imafuna kusiyana kwa madigiri pafupifupi 10 pakati pa m'nyumba ndi panja.

Mapaipi ali pakatikati. Kudontha pansi pa sinki, mpope wofooka, chimbudzi chogwedera, zonsezi zimalowa m'lipoti. Pali kuyesa kumodzi kosafuna ndalama kumene oyendera ena amaiwala: tsekani mipope yonse, werengani mita ya madzi, dikirani ola limodzi, werenganinso. Ikasuntha, penapake pansi kapena m'khoma pakudontha. Paipi yotaya zonyansa imafuna kupendekera kwa masentimita pafupifupi 2.5 pa mita iliyonse. Bafa lowonjezera likakhala kutali ndi paipi yaikulu, mmisiri amaigoneka chathyathyathya kuti ifike, zonyansa zimatsalira, ndipo imatsekeka miyezi ingapo iliyonse. Tsiku loyendera, m'nyumba imene mwina simukukhala munthu, madzi oyera amadutsa bwinobwino. Kamera yolowetsa m'paipi yokha ndiyo imaonetsa pamene madzi aima, mizu ya mitengo ndi polumikizira pothyoka, ndipo imeneyi ndi ntchito yolipira padera. Fungo la chimbudzi m'bafa latsopano limasonyeza kuti paipi yopinda yosunga madzi pansi pa sinki kapena shawa palibe, kapena madzi ake amayamwidwa chifukwa paipi yotulutsa mpweya sinaikidwe.

Giza yoikidwa mwamseri muione ndi maso anu. Iyenera kukhala ndi valavu yotulutsa madzi akatentha kwambiri kapena mphamvu yake ikakwera, ndi paipi yotayira madziwo pamalo otetezeka. Valavu imeneyi ikayamba kudontha, ena amangoitseka ndi chotsekera chachitsulo. Thermostat, imene imazimitsa giza madzi akatentha mokwanira, ikadzafa, madzi amapitirira madigiri 100 ali otsekeredwa, ndipo thanki ikang'ambika ena mwa madziwo amasanduka nthunzi yokula pafupifupi ka 1,700. Giza yotere imaboola denga. Chitofu cha gasi kapena malo osonkhapo moto owonjezeredwa popanda woyang'anira amafunanso katswiri wake, chifukwa mpweya wa carbon monoxide sununkha ndipo suoneka.

Tsopano za mapepala, pamene ntchitoyi siifika n'komwe. Woyendera sapita ku khonsolo. Angalembe kuti chipinda ichi chikuoneka kuti chinawonjezeredwa pambuyo pake, koma kufufuza ngati chinaloledwa ndi udindo wanu ndi loya wanu. Ogula ambiri amachita zinthuzi mozondoka: amayamba ndi woyendera, mapepala n'kubwera kumapeto. Yambani ndi mapepala. Pemphani pulani yovomerezedwa, zilolezo zonse zimene zinaperekedwa pa nyumbayo, ndi chiphaso chosonyeza kuti ntchito inayenderedwa n'kutsirizidwa. Chilolezo chimene chinatengedwa koma osatsekedwa ndi kuyendera komaliza ndi vuto palokha. Kenako tengani tepi yoyezera, yendani ndi pulaniyo chipinda ndi chipinda, n'kulemba chilichonse chosiyana: khoma limene lili pa pepala koma m'nyumba mulibe, galaja imene yasanduka chipinda chogona, khonde lotsekedwa ndi njerwa, bafa lachiwiri. Pepala limeneli mulipereke kwa woyendera asanabwere. Maola ake atatu adzawathera pamene pali funso, ndipo lipoti lomwelo lidzakhala laphindu kuwirikiza.

Chifukwa chovutikira chonchi n'chakuti m'mayiko ambiri mlandu wa ntchito yopanda chilolezo umatsata nyumba, ndiye umagwera mwini watsopano. Khonsolo ikhoza kukulamulani kutsegula makoma kuti ione, kukonza motsata malamulo, kulipira chindapusa kapena kugumula. Kawirikawiri zimaululika pamene inuyo mukupempha chilolezo cha ntchito yanu yokonza, woyang'anira n'kubwera n'kuona chipinda chimene pa pulani palibe. Banki yobwereketsa ndalama ikhoza kukana kuwerengera chipinda choterocho pa mtengo wa nyumba, ndipo kampani ya inshulansi ikhoza kulimbalimba kulipira moto wochokera ku mawaya osavomerezeka. Njira yovomerezetsa ntchito yakale ilipo m'malo ambiri. Ku England kuli regularisation certificate ya ntchito yoyambika kuchokera pa 11 November 1985, ndipo khonsolo imatha kufuna kuti mutsegule malo ena isanapereke. Kumeneko kulinso inshulansi yoteteza wogula ngati khonsolo itadzachitapo kanthu, koma siilipira kukonza ntchito yoipa, ndipo imafa mukangolankhula ndi khonsolo za ntchitoyo. Choncho funsani loya wa kumene nyumba ili musanagogode pa ofesi iliyonse. Chimene chimavuta kwambiri kuvomerezetsa ndi chipinda chodutsa malire a puloti kapena chomangidwa pamwamba pa paipi yaikulu ya boma. Izi amaziona ndi woyeza malo, munthu winanso amene woyendera sangalowe m'malo mwake.

Galaja kapena chipinda cha pansi chosandutsidwa chogona chili ndi funso lina lofunika moyo: moto utabuka pakhomo, wogonamo atulukira pati? International Residential Code imafuna windo lotseguka mpata wosachepera 0.53 m², losakwera kuposa mamilimita 1,118 kuchokera pansi. Pa nyumba zakale kumbukiraninso asbestos ndi penti ya mtovu. Britain inaletsa asbestos yense mu 1999, ndipo United States inaletsa penti ya mtovu m'nyumba mu 1978. Maso sangatsimikize chilichonse mwa ziwirizi. Kachidutswa kapite ku labotale musanayambe kugumula kapena kupala.

Malipoti enieniwo amasiyana kwambiri. Oipa amadzaza masamba ndi ziganizo zokopera, n'kuika chogwirira chitseko chogwedera pa mzere umodzi ndi thabwa la denga lodulidwa, ndipo pa chilichonse amangoti funsani katswiri. Abwino amasiyanitsa zoopsa ndi zodula ndi zazing'ono, amanena chimene chachititsa vuto, ndipo amalemba momveka malo amene sanafikepo. Tsamba la malo osafikidwalo muliwerenge loyamba. Likati siling'i inali yokhoma, bolodi la magetsi linatsekeka ndi kabati, madzi anali otsekedwa, ndiye kuti malo atatu ofunika kwambiri sanaonedwe, ndipo muyenera kupempha kuti atsegulidwe woyendera abwerenso. Werenganinso mgwirizano wake musanasaine. Ambiri amalemba kuti akaphonya vuto, chimene angabweze sichipitirira ndalama imene munawalipira. Funsani ngati ali ndi inshulansi ya ntchito yake, pemphani lipoti lachitsanzo la nyumba yakale, ndipo musankheni nokha. Wolozeredwa ndi wogulitsa kapena ejenti wake ali ndi chifukwa chosafuna kusokoneza malonda. Tsiku loyendera mukhalepo, chifukwa pakamwa amanena zambiri kuposa zimene amalemba.

Lipoti likafika, ntchito yotsatira ndi kutsegula. Lembani kalata kwa wogulitsa yopempha kuboola malo ochepa: pulasitala pa nsonga zonse ziwiri za chitsulo chonyamula, dzenje limodzi pa maziko a chipinda chowonjezera, masoketi angapo, ndi kachigawo ka siling'i pansi pa bafa losamutsidwa. Lonjezani kubwezeretsa ngati simugula. Injiniya akhalepo potsegula kuti ayeze chitsulo n'kuwerengera ngati chikukwanira. Mgwirizano wogulira ulembedwe moti mukhoza kutuluka ndi ndalama zanu za chikole ngati zopezekazo zaipa, ndipo masiku ofufuzira akhale okwanira anthu anayi kapena asanu, osati woyendera yekha. Mitengo ya kukonza ichokere kwa amisiri ovomerezeka, yolembedwa, ndipo iwerengere kumasula ntchito yakale, chifukwa kukonza zolakwika za wina kumadula kuposa kuyamba pa khoma lopanda kanthu. Pamwamba pake sungani gawo limodzi mwa magawo asanu a mtengowo kuti lithandize pa zobisika zimene zidzaonekere pulasitala ikagwa.

Wogulitsa akadzipereka kuti akonza yekha musanalowe, ndi bwino kukana n'kupempha kuti atsitse mtengo, kapena kuti atenge chilolezo ndi chiphaso chomaliza m'dzina lake malonda asanathe. Amene anabisa waya m'pulasitala koyamba akhoza kuubisanso. Akakana kutsegula paliponse, werengerani mtengo ngati kuti chitsulo mulibe, maziko ndi osaya ndipo mawaya onse a chipindacho ndi oyambiranso. Nyumba imene vuto lake ndi mawaya, mapaipi kapena denga lodontha imagulika, chifukwa zonsezi zili ndi mtengo wodziwika. Imene chipinda chake chadutsa malire, kapena imene khoma lonyamula linachotsedwa pansi pa chipinda cha pamwamba ndipo mwini wake sakulola injiniya kuona, isiyeni ngakhale lipoti la woyendera litakhala loyera.